Dothi Limene Ndinadya ku Bertrams

Ndinadya dothi miyezi inayi ndili ndi pakati pa mwana wanga wachiwiri. Ndayambira pomwepa chifukwa ndikati ndizungulire kaye, sindifikapo.

Si chachilendo ayi. Kwathu ku Ntcheu mayi woyembekezera akamatafuna dothi la pachulu palibe amene amacheuka n'komwe. Pa mimba yoyamba ndinkagumula la chiswe pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, mayi anga n'kumangoseka kuti mwanayo adzabadwa khasu lili m'manja. Anabadwa wamkazi, wonenepa, wolira mokweza. Ndinamusiya kwa agogo akewo ali ndi zaka ziwiri, ine n'kulondola mwamuna wanga ku Joni. Ndiye nkhuli ya dothi ija itandigwiranso, ndinangoti yabwera ija.

Tinkakhala ku Bertrams, m'kachipinda kamodzi kuseri kwa shopu yochapa masuti, ija amati dirayikilini. Mwamuna wanga ankasita m'menemo. Mapasi, ziphaso zija za nthawi ya tsankho, anali atatha kwa eni dziko, koma ife obwera tinkafunsidwabe mapepala, ndipo ine ndinalibe ngakhale limodzi. Galimoto yachikasu ya apolisi ikangodutsa mumsewu ndinkatseka chitseko n'kukhala pansi kuseri kwa bedi, kupuma pang'onopang'ono ngati angandimve. Dothi linkagulitsidwa, inde. Azimayi ankaliika m'timapepala, lowotcha kale, pafupi ndi pokwerera mathekisi. Koma kumeneko n'kumene ankagwirako anthu. Ndiye ndinayang'ana m'yadi mwathu momwemo.

Yadiyo inali yaing'ono, yotsetsereka. Kumtunda kunali khomo lakuseri la shopu ndi migolo yachitsulo. Makina a m'shopumo sachapa ndi madzi. Amachapa ndi mankhwala ooneka ngati madzi koma olemera, ozizira ukawakhudza, a fungo lotsekemera. Lachisanu lililonse ankakokolola zotsalira pansi pa makinawo, chiphala chakuda, n'kudzachikhuthula kuseri, pansi basi, ndipo anachita zimenezo zaka ndi zaka ife tisanabwere. Chinkatsetsereka mpaka pakona ya kumunsi. Pakonapo panali mpopi wodontha, ndipo tonse a m'yadimo tinkatayira pomwepo madzi otsukira mbale, makoko a mbatata, masamba a tiyi. Panali thope lakuda bii, lonunkha ngati mazira owola. Dzuwa likatentha linkatulutsa tithovu, phwi, phwi, ngati pansipo pagona chinthu.

Thope limenelo sindinadye, sindinali wamisala. Ndinkadya la chakumtunda pang'ono, m'mbali mwa khoma, pamene madzi anakumba n'kusiya kachigumula. Linali losalala, lotuwira, lopanda mchenga, ndipo linali ndi kafungo kaja ka ovolosi ya mwamuna wanga. Pa mimba imeneyi kafungo kameneko ndinkakafuna modabwitsa, mpaka ndinkatenga ovolosiyo n'kuinunkhiza iye akasamba. Dothilo ndinkagumula ndi supuni, kuliika pa chivundikiro cha poto, kuliwotcha pa pulayimasi zenera nditatseka kuti anthu asadziwe, kenako n'kumatafuna. M'mawa, masana, nthawi zina katatu. Mwamuna wanga sankadziwa.

Tsiku lina ndili pazenera ndinaona bwana wa shopu akulowa m'yadi ndi bambo wachikulire wa imvi, wovala jasi yoyera, atanyamula bokosi ndi chitsulo chachitali chobowoka m'kati. Ndinati basi, a boma aja afika. Ndinabisala. Nditasuzumiranso, bamboyo anali atagwada pakona paja, akuzika chitsulo chake m'thope n'kumathira zimene watulutsa m'timabotolo, kutseka msangamsanga. Anapita. Ndinamuiwala.

M'chipinda choyandikana ndi chathu munali mayi wina wa ku Mulanje, wamkulu kwa ine, wogwira ntchito ya m'nyumba ku Fourways. Ankabwera Lachinayi, tsiku limene antchito a m'nyumba amapuma. Ndinkawatchula achemwali. Iwowa ndi amene anandikokera kusikelo mimba ili ndi miyezi isanu.

"Ukubisala chiyani, mtsikana iwe?" anatero. "Mimba ilibe pasipoti. Anamwino safunsa mapepala, amafunsa mkodzo. Vala nsapato."

Namwino wake anali wamkulu thupi, wolankhula Chizulu chothamanga, achemwali n'kumandimasulira. Anandikoka chikope, kuyang'ana zikhadabo.

"Akuti magazi ako ndi ochepa. Akufunsa ngati umadya dothi."

"Ayi," ndinatero.

Namwinoyo anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kulemba. Kenako anatikhazika tonse pa mabenchi, n'kutsegula chithunzi chachikulu. Panali ntchentche, chithaphwi, mwana wowonda, ndi tizilombo tojambulidwa tikulutikulu, taubweya. Anati timeneti sitioneka ndi maso, timakhala m'madzi oima ndi m'matope, ndipo ndi timene timapha ana ndi kutsegula m'mimba. Anati timafa ndi dzuwa, ndi moto, ndi jiki, mankhwala aja oyeretsera zovala. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma phunziro ndimagwira. Njira yonse yobwerera ndinkangoona kona ija. Mwana wanga adzakwawira kuti? Si pomwepo?

Khasu ndinali nalo. Ndinabwera nalo kuchokera kumudzi lopanda mpini, nditalikulunga m'bulangete, anthu m'basi n'kumandiseka kuti ndikukalima phula. Mwamuna wanga anali ataliika mpini wa tsache. M'mawa mwake ndinamanga mpopi uja ndi mphira kuti usiye kudontha, ndinauza a m'yadi kuti asatayenso madzi pamenepo, n'kuyamba kukumba.

Masiku atatu. Ndinkatembenuza thope lija, lakudalo kubwera pamwamba, kuliphwanya zibuma kuti dzuwa lilowe, monga timachitira kudimba. Fungo lake linasintha ndikamapita pansi. La mazira lija linachepa, kunatuluka lotsekemera lija koma lamphamvu, lolowa mpaka kuseri kwa maso. Ndinkachita chizungulire, kukhala pansi, kudzukanso. Ndinathira phulusa la pambaula. Ndinathira jiki, mabotolo awiri athunthu. Kenako ndinaunga mizere inayi yowongoka bwino, yoti mayi anga akanaiona akanandiyamikira. Ndinali ndi mbewu za mpiru m'kansalu.

"Mwabweretsa Ntcheu ku Joni," anatero mwamuna wanga, akuseka, manja ali m'chiuno. "Mawa tiona mbuzi pano."

Tsiku lotsatira mwana sanasewere m'mimba. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, zii. Ndinamwa madzi ozizira, ndinagona chammbali, ndinamugogoda ndi chala, ndinaimba nyimbo ya kwaya. Anadzagunda kamodzi madzulo, mofooka. Ndinati ndi kutopa kwa khasu.

Patapita sabata, ndikuchapa panja, chipata chinatseguka. Bambo wa jasi yoyera uja, yekha. Ndinalibe kothawira, manja ali m'thovu. Anayenda mpaka pakona, anaima, anaika bokosi pansi. Anayang'ana mizere yanga ngati munthu amene wapeza khola lili pululu.

"Hawu," anatero. "Hawu, hawu, hawu."

"Mayo ine," zinandipulumuka.

Anacheuka. "Mwati mayo? Ndinu a kwathu, mama?"

Anandiuza kuti bambo ake anali a ku Dedza, anabwera kumigodi kalekale, anakwatira kuno, sanabwererenso. Iye Malawi sanamuonepo. Chichewa chake chinali chachikale, cha bambo akewo, chosakaniza ndi manje ndi eish. Anati amagwira ntchito kusukulu yaukachenjede, m'chipinda choyezera zinthu, zaka zoposa makumi awiri. Bwana wa shopu anamulola kutenga thope chifukwa ankafuna kugulitsa malowo ndipo ogula ankafunsa za pansi.

"Manje ndiuzeni, walima pano ndani?"

"Ndine, abambo. Panali tizilombo."

"Yebo, panali tizilombo! N'chimene ndinadzera!"

Ndinaganiza kuti mwina mutu wake sukuyenda bwino. Anakhala pa mgolo wopanda kanthu, anatsegula bokosi, anatulutsa kabotolo kotsekedwa ndi mphira ndi chitsulo. M'kati munali thope lakuda ndi madzi pamwamba.

"Ili ndinatenga pano miyezi iwiri yapitayo. Ndimaliweta ngati nkhuku. Tamverani, mwana wanga. Mankhwala a m'makinamo ndi poizoni, ndipo sawola. Muwathire pansi lero, mdzukulu wanu adzawapeza. Kachidutswa kake kalikonse kali ndi minga inayi, dzina lake kulorini. Ndi mingayo imene imawalimbitsa. Manje m'thope lakuda, pansi pamene mpweya sufika, muli tizilombo tina timene tinazolowera. Timathothola munga umodzi. Kenako wina. Kwa ito kuthothola kumeneko ndiye kupuma, monga inu mukokera mpweya. Koma tiyenera kudya, ndiye madzi anu otsukira mbale aja, makoko aja, chinali chakudya chake. Mumatidyetsa osadziwa."

"Ndiye tikathothola yonse?"

"Yonse inayi ikachoka, chotsala ndi kampweya kopanda vuto. Koma n'zochedwa, zaka. Ndipo pali poipa. Ikatsala iwiri, makamaka ukatsala umodzi, poizoniyo amakhala woopsa kuposa poyamba. Ntchito imeneyi siyofunika kuidula pakati."

"Ngati chinangwa chowawa," ndinatero.

"Chimatani chinangwa?"

Sankadziwa, munthu wa imvi. Ndinamufotokozera kuti chowawacho timachiviika m'madzi masiku angapo mpaka chifewe, chinunkhe, chichite thovu, ndipo ukachivuula msanga chifukwa cha njala, ana amaledzera, ena amafa. Anamenya bondo lake.

"Ndi timeneto! Si tomweti ayi, koma ndi pachibale. Eish, bambo anga sanandiuzepo zimenezo." Kenako nkhope inagwanso. "Manje inu mwavuula msanga. Timeneti mpweya ndi imfa yake. Mwatitembenuzira padzuwa, mwatimana madzi. Chikununkha apachi n'chiyani, jiki?"

"Mabotolo awiri."

Anaseka, koma osati kuseka kwabwino. "Kulorini pamwamba pa kulorini. Mama, mwagwira ntchito."

Ndinafuna kulira ndi ukali. Ndinati kusikelo anatiuza kuti tizilombo timapha ana. Anati namwino sananame, tilipo topha, tambiri, ndipo ndizisambabe m'manja. Koma si tonse. Anati m'dothi lodzaza supuni imodzi muli tambiri toti munthu sangawerenge, ndipo tochuluka sitidziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli anthu.

Atatchula supuni ndinayang'ana kumbali. Iye anatsatira maso anga. Anadzuka, anapita kukhoma kuja, anawerama pa kachigumula kanga. Mabala a supuni anali poyera, ozungulira, mzeremzere.

"Khoswe wa pano ndi waulemu," anatero. "Amadya ndi supuni."

Anayang'ana mimba yanga, n'kuvula chipewa.

"Kuyambira liti?"

"Miyezi inayi. Koma ndimawotcha, abambo. Ndimawotcha kaye pa pulayimasi, silikhala laliwisi."

"Panja?"

"M'nyumba."

"Zenera?"

Ndinati ndimatseka. Anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Ine si dokotala, mwana wanga. Ndimatsuka mabotolo, ndimaweta tizilombo, ndimalemba manambala a azungu. Ndikuuzani zimene ndikudziwa basi. Apa n'pouma, mpweya umalowa, ndiye tizilombo tija palibe. Poizoni wa apa ndi wathunthu, minga yonse inayi. Mukawotcha, wambiri amachoka m'dothimo, zoona. Koma amapita mumpweya wa m'chipindamo, inu n'kumukoka. Akalowa m'thupi amakonda mafuta ndi chiwindi. Ndipo zimene zili m'magazi a mayi zimafika kwa mwana."

"Amutani?"

"Sindikudziwa. Mwina palibe. Ndikanena kuti palibe ndinama, ndikanena kuti wavulala ndinamanso."

Pamenepo ndinagwira kabotolo kake kaja ndi manja onse awiri. Ndikukumbukira kuti kanali kozizira.

"Ndipatseni ndimwe. Ngati timadya poizoni, tikadye wa m'mimba mwangamu. Ndatsala ndi miyezi itatu. Ndizimwa madzi otsukira mbale ngati n'chakudya chake, ndimwa, abambo, sindinyansidwa."

Anandilanda mofatsa, chala chimodzichimodzi.

"Ayi, mama. Ayi. M'thupi mwa munthu sitingakhale, ndipo m'botolomu muli poizoni wa munga umodzi uja. Mungafe nonse awiri. Siyani dothi lero lomwe. Tsegulani zenera. Ovolosi ya bambo izigona panja. Ndipo mukamuuze namwino zoona."

Asanapite anazika chitsulo chake pakati pa mizere yanga, mozama kuposa pamene khasu linafika, mpaka anachita kuchitsamira ndi chifuwa. Chinatulutsa thope lakuda, lonyowa. Analinunkhiza. Anati mwina pansipo tatsala. Anagumulanso la pakhoma lija n'kuika m'botolo lina. Anati ngati tikufuna kuthandiza, tigwetse mizereyo, tipondeponde, timasule mpopi, ndipo madzi a mbale abwerere pomwe ankatayidwa. Koma osati ine, ndisayandikirenso.

Mwamuna wanga ndinamuuza Lamulungu masana titabwera kutchalitchi, asanavule jekete. Ndinanena zonse mothamanga, supuni, pulayimasi, ovolosi, minga inayi. Anakhala pabedi n'kumayang'ana manja ake. Manja akewo anali otuwa, osweka m'mizere, chifukwa nthawi zina ankaviika m'mankhwalawo pochotsa madontho pa makolala. Masiku ena ankabwera akudzandira ngati wamwa, chonsecho mowa sankaulawa.

"Miyezi inayi," anatero. "Ine ndili kuseri kwa khoma ili."

"Pa mimba yoyamba ndinkadyanso, inu mukudziwa."

"Kumudzi! Dothi la kumudzi! Kuno mwaonapo chulu inu? Kuno ngakhale mvula imadetsa malaya."

"Nanga amene amakhuthula ndowa Lachisanu ndani?"

Sindikanayenera kutero. Anadzuka, anatuluka, anaima pakhomo atandifulatira. Atabwerera mawu ake anali otsika.

"Mayi a mwana, tamverani. Mwasiya, basi, zatha. Kwa namwino musakanene. Akalemba, abwera oyendera. Oyendera akabwera, bwana afunsa kuti wanena ndani. Ine ntchito yatha, inu akufunsani mapepala, mukachirira m'galimoto ya apolisi pa ulendo wa kumalire. Mwana ameneyo mwamuthandiza?"

Sananame. Madzulo ake anatenga khasu, anagwetsa mizere yanga inayi, anapondaponda ndi majombo, anamasula mphira pampopi. Mwana wa mlimi kufafaniza mizere mbewu isanalowe. A m'yadi ankangoyang'ana.

Kusiya dothi kunali kovuta kuposa mmene ndingalembere. Malovu ankadzaza m'kamwa ndikangoona khoma lija. Ndinkatafuna mpunga wosaphika, makala, nsonga ya chitenje. Ndipo ndinayamba kuwerenga kugunda kwa mwana. Ndikamachapa, ndikamasesa, ndikamayankha munthu moni, m'mutu ndili chimodzi, ziwiri, zitatu. Akachedwa ndinkasiya chilichonse, kuima chilili, dzanja pamimba. Kodi ali ndi zala? Kodi chiwindi cha mwana wosabadwa n'chachikulu bwanji, ngati nyemba? Ndinkaganiza za tizilombo tija pansi pa kona, tikuthothola munga umodziumodzi mosafulumira, pamene mwa ine munalibe chothothola chilichonse.

Lachinayi achemwali anandipeza nditaima choncho pakati pa yadi.

"Wasanduka chipilala? Mizere ija yapita kuti? Ndimati tidya mpiru wa ulere."

Ndinawauza. Anamvetsera mpaka kumapeto, osadula, chimene sichinali chizolowezi chawo.

"Ndiye bambo akunyumba akuti ukhale chete."

"Akuti atichotsa m'dziko muno."

"Angakuchotseni, inde. Ine anandichotsapo kawiri, ndili pano. Koma tsiku lochira ukadzagona pabedi paja, akudzakuthandiza ndi bwana wa masuti? Namwino adzakhala akuyembekeza mwana wamba, pamene iwe ukudziwa zina. Usatchule shopu. Nena dothi, nena mankhwala. Akafunsa kuti kuti, ine Chizulu changa chidzatha pomwepo."

Tinapita tsiku lomwelo, mwamuna wanga ali pa ayironi, osadziwa. Namwino anali yemwe uja. Achemwali atamasulira, iye anaika cholembera pansi.

"Akuti ankadziwa kuti unanama, mano ako anakuulula. Akuti nonse mumanama."

Anafunsa kuti mankhwala anji. Ndinati ochapira masuti. Anafunsa ngati ndimagwira ntchito kumeneko, ndinati ayi. Sanafunsenso. Anandigoneka, anaika kachitoliro kake pamimba, anamvetsera nthawi yaitali kwambiri, maso ali kudenga. Anayeza ndi tepi, n'kuyezanso.

"Akuti mtima ukugunda. Akuti mwana ndi wamng'ono poyerekeza ndi miyezi yake. Akuti zingakhale magazi ochepawo, zingakhale mankhwalawo, iwo pano alibe choyezera zimenezo. Akuti usadzachirire pano kapena kunyumba, akulembera kalata ya kuchipatala chachikulu. Umwe mapilitsi a magazi awa, ndipo akuti ukadyanso dothi adzakumenya yekha."

Oyendera sanabwere. Kalatayo ndinaibisa m'Baibulo, koma mwamuna wanga anaipeza. Anaiwerenga, anaibwezera pomwepo, ndipo sitinakambirane.

Bambo wa jasi yoyera anabweranso kamodzi, mimba ili ndi miyezi isanu ndi itatu. Sanadikire kuti ndifunse. Anati thope la pansi lija lili moyo, tizilombo tatsala ndipo tayambanso, ngakhale pamwamba ponse pamene ndinalima n'pakufa. Anati la pakhoma lija analiyeza, ndipo poizoni analimo wambiri. Ananena akuyang'ana pansi. Ndinafunsa kuti yadiyo idzayera liti. Anati ngati asiya kuthira, mwina mwanayu atamera ndevu, ndipo ngati sasiya, iye sadziwa. Kenako anati mankhwalawa amalowanso mumkaka wa m'mawere mayi akamawapuma tsiku ndi tsiku, ndiye ngati pali kwina kokhala, tichoke mwana asanabadwe. Mawu amenewa anakamuuzanso mwamuna wanga pakhomo la shopu, mwaulemu, ngati akufunsa njira.

Kwina kunapezeka mochedwa. Matenda anandiyamba kutatsala milungu itatu, m'mawa ndikusesa. Kuchipatala chachikulu anawerenga kalata ija, ndipo m'chipinda munabwera anthu awiri owonjezera amene anangoima pambali ndi kabedi kagalasi. Ndinachira mwana wamwamuna. Sanalire. Ndinaona kamwendo kotuwa, anthu aja n'kumutenga, misana yawo itanditchinga. Ndinkafunsa m'Chichewa, palibe ankamva. Kenako kunamveka kamawu ngati ka mwana wa mphaka.

Anakhala m'kabedi kagalasi masiku khumi ndi awiri, wachikasu, ali ndi kachubu m'mphuno. Zala zinali zonse. Ndinawerenga kangapo. Dokotala wina wamkazi anandiuza kudzera mwa mayi wokolopa amene ankamva chinenero chathu kuti zikanakhala kuti anthu awiri aja sanali pafupi, nkhani ikanakhala ina. Ndinamufunsa ngati ndi dothi lija. Anati ana ambiri amabadwa chonchi amayi awo asanadye kanthu, ndipo ena amadya n'kubereka zimphona. Anati palibe angandiuze.

Ku Bertrams sindinabwererenso. Potuluka m'chipatala mwamuna wanga anatitengera ku Hillbrow, m'fulati ya pamwamba kwambiri imene tinkagawana ndi mabanja ena awiri, chinsalu pakati. Iye anapitirizabe kusita kushopu kuja zaka zina zitatu, poti kwina kunalibe. Ankasamba ndi kusintha zovala komweko asanabwere kudzanyamula mwana. Ndowa ya Lachisanu ankakhuthulabe. Ndinamufunsa kamodzi, anati nanga aitaye kuti.

Mwanayo anachedwa kukhala, anachedwa kukwawa. Anzake akuthamanga m'makonde iye anali akugwirabe khoma. Anayenda ali ndi chaka ndi miyezi isanu ndi itatu, akukoka pang'ono mwendo wakumanzere, ndipo amaukokabe mpaka lero akatopa. Kusukulu masamu ankamuvuta, koma manja ake ndi anzeru, amakonza mafiriji. Ndamutengera kwa madokotala anayi pa moyo wake. Onse anayankha zofanana ndi woyamba uja.

Pano ndi bambo wa ana awiri, amandiimbira foni Loweruka lililonse. Akatsokomola pakati pa nkhani ndimasiya zimene ndimanena, n'kufunsa kuti chayamba liti, nanga maso ake ndi oyera, nanga mkodzo. Iye amaseka.

"Amayi, ndi chimfine."

Ndimati chabwino. Ndiye ndimadikira pang'ono, n'kufunsanso.